Zala Ziwiri za Felesita

Sunthirani mbali ino, utsi ukupita kumeneko. Chiperoni chotere sichitha msanga, ndipo kapitawo satiitana nkhungu isanayere. Poti iwe wayamba ntchito chaka chino wafunsa za mayi uja wa zala zopindika, chifukwa chake palibe amamuseka, khala bwino ndikuuze. Ndinkakhala naye khomo ndi khomo, ndipo zambiri ndinaziona ndi maso angawa.

Dzina lake ndi Felesita. Kale pa esiteti ino panalibe wothyola tiyi womuposa. Manja ake onse awiri ankajompha pamwamba pa masamba ngati nkhuku zanjala, dengu n'kudzaza ife tisanafike pakati pa mzere. Mwamuna wake, a Likoswe, anali mlonda kufakitale, munthu wamtali, wamawu ochepa, wa njinga yakuda yokhala ndi belu lomveka patali. Belu limenelo tonse tinkalidziwa. Likangolira pamtsetse wa mabulugamu, Felesita ankadula nkhani pakati n'kulowa m'nyumba.

A Likoswe anamwalira nyengo ngati inoyi. Ankachokera kumowa nkhungu itatseka, njira n'kuwasokonekera, n'kukalowa ndi njinga yomwe m'damu la kumunsi. Anawavuula kutacha. Amuna amene anasambitsa thupi anatuluka m'nyumba akunong'onezana. Ati dzanja lamanja linali lofumbata ngati lagwira kanthu, ndipo ngakhale analithowa ndi madzi ofunda, zala zinakana kuwongoka. Anawaika choncho. Njinga anaivuula itapindika, mng'ono wawo Waisoni n'kuitengera kwawo kutsidya kwa mtsinje. Belu lokha silinapezeke.

Anthu atabalalika pamaliro, Felesita anabwerera kumunda. Tsiku lina tikumwa tiyi pakhonde pake, kapu inangomupulumuka m'dzanja lamanzere. Anayang'ana kapuyo pansi, kenako anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali.

"Achemwali," anatero, "tanditsinani kachala aka."

Ndinamutsina kachala kotsiriza mpaka chikhadabo changa chinalowa.

"Mwatsina?"

"Ndatsina."

"Sindinamve kanthu. Koma ndikagona kamayaka moto. Zimayambira pachigongono apa, kutsika mkono wonse, mpaka zala ziwiri zakumapetozi. Ngati wina wandigwira ndipo akufinya."

Ndinati ndi kuzizira basi. Ndinamuthowa mkonowo, n'kumumanga kansalu. Kukiliniki anamupatsa panado. Sizinaphule kanthu.

Zitatero tinayamba kuona tinthu. Galu wake, amene ankamunyambita manja akamachokera kumunda, anayamba kumuzungulira. Ankabwera mbali ya kumanja kokha. Akamutambasulira dzanja lamanzere, galuyo ankabwerera chafutambuyo makutu atagona. Kenako chibangili chimene ankavala pamkono womwewo chinasowa ali mtulo. Anachipeza mmawa panja pa chitseko, chonyowa, chitakulungidwa ndi ndere. Kumtunda kuno kulibe ndere. Zimamera m'damu basi.

Ndiye belu lija. Ine ndinalimva mbandakucha, ndikukoleza moto. Linalira kamodzi pamtsetse wa mabulugamu, koma osati kulira koyera kuja. Linkamveka ngati belu lodzaza madzi. Ndinatuluka. Panja panali nkhungu yokhayokha, ndipo Felesita anali ataima pakhomo pake atagwira chigongono.

"Mwamva?" ndinamufunsa.

"Ndamva. Kale ndinkathawira m'nyumba. Lero ndaima dala."

Loweruka lina tinkachokera kuchigayo, awiriwiri, mabeseni a ufa kumutu. Dzuwa linali lisanalowe koma nkhungu inali itatsika kale. Pamphambano tinapeza mkulu wina wosamudziwa atakhala pachitsa, atafunda thumba kumutu. Tinamupatsa moni. Anayankha ine, anayankha Felesita. Kenako anayang'ana pambali pa Felesita, kumanzere, m'mwamba pang'ono monga umayang'anira munthu wamtali, n'kuwomba m'manja.

"Nanunso bambo, mwaswera bwanji?"

Anadikira yankho. Kunali zii. Anapukusa mutu.

"Amuna anuwa ndi amwano, mayi. Ndiponso akugwirani mothina."

Ine ndinagwiritsitsa beseni langa. Koma Felesita anayankha ngati akuuza munthu mtengo wa tomato.

"Amuna anga ali kumanda, agogo."

"Ndiye muwauze," anatero mkuluyo, "poti iwo sakudziwa."

Tinapitiriza ulendo. Nditacheuka, nkhungu inali itameza chitsa ndi munthu yemwe.

Nkhani ya mkono sinachedwe kuwoloka mtsinje. Waisoni anabwera ndi akuluakulu awiri a kuchimuna. Anakhala pamipando, Felesita pamkeka, ine ndikupeta nyemba chapafupi.

"Alamu," anayamba Waisoni, "tamva za mkonowo. Ife sitikudabwa. Achimwene sanagone, chifukwa inu munakana mwambo."

Mwambo umene ankanenawo ndi wa kulowa kufa, woti mkazi wamasiye agone ndi mwamuna wosankhidwa ndi akuchimuna, ati kuchotsa imfa m'thupi mwake. Felesita anali ataukana tsiku lometa, pamaso pa anthu onse. Ndipo mwamuna wosankhidwayo anali Waisoni yemweyo.

"Lero ndi zala," anapitiriza, "mawa ukhala mkono wonse. Kenako ana a eni ake ayamba kutupa chifukwa cha inu. Musaumitse mutu. Ndi usiku umodzi wokha."

Felesita anakonza mpango wake ndi dzanja labwinolo.

"Alamu, thupi langa si beseni lotsukiramo maliro. Achimwene anu ngati ali ndi mawu, abwere anene okha. Njira akuidziwa."

"Musalankhule choncho za akufa."

"Ndinakhala chete ali moyo. Zinakwana."

Anachoka osatsanzika. Koma mawu awo anatsala, ndipo anayenda nyumba ndi nyumba. Anthu anasiya kudzapala moto kwa Felesita. Ana anawaletsa kudya ndiwo zimene iye wathira mchere. Kumjigo akafika, amayi ankachotsa zidebe zawo kuti zisakhudzane ndi chake. Kumunda nako zinthu sizinali bwino. Dzanja lija linkataya masamba, dengu osadzaza, mpaka kapitawo anamuuza kuti pageti pali anthu ambiri a manja athunthu amene akudikira malo.

Ndiye zala ziwiri zija zinayamba kupindika. Pang'onopang'ono, ngati tsamba likufota. Pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala mnofu unatha, panakumbika. Amene anasambitsa a Likoswe ataona dzanjalo anatembenuzira nkhope kumbali. Wina ananena mokweza kuti likufumbata chimodzimodzi ngati la malemu, ndipo tsiku limene lidzatsekeke lonse tidzakumbanso manda.

Felesita anamva. Madzulo ake anabwera kwathu.

"Achemwali, mawa mundiperekeze kuchipatala cha boma. Ndikufuna wina auone mkonowu ndi maso osaopa."

Tinapeza dokotala wamkazi, a Mitawa, wachitsikana ndithu koma wosapupuluma. Anamukhazika Felesita pampando, ine n'kuima pambali.

"Ndilozereni ndi chala chimodzi pamene ululu umayambira, ndi kumene umathera."

Felesita analoza kuseri kwa chigongono, n'kutsetsereka mpaka kukachala kotsiriza.

"Umamveka bwanji? Ngati bala, kapena ngati kutopa?"

"Ngati moto. Nthawi zina ngati singano zambirimbiri. Koma mukandikhudza pomwepo, dzanzi lokhalokha."

Dokotala anatenga kathonje n'kumuuza kuti atsinzine. Anamukhudza chala chachikulu, Felesita anati ndamva. Chamkombaphala, ndamva. Chapakati, ndamva. Atafika pa chala choyandikana ndi kotsiriza kaja, anakhudza mbali imodzi, Felesita anati ndamva. Anakhudza mbali inayo, Felesita anangokhala chete kudikira.

"Ndakukhudzani kale," anatero dokotala. "Tsegulani maso. Chala chimodzi chomwechi, mbali ina ikumva, ina ayi. Zimenezi zandiuza zambiri."

Anatifotokozera kuti m'thupi muli mitsempha ya magazi, komanso muli mitsempha ina yonyamula uthenga pakati pa ubongo ndi ziwalo. Yopita kudzanja ikuluikulu ilipo itatu, ndipo uliwonse uli ndi dera lake. Wina ukapanikizika pamfundo ya dzanja, dzanzi limagwira chala chachikulu ndi zinzake zoyandikana nacho. Koma wa Felesita unali uja umadutsa kuseri kwa chigongono, umene ukaugunditsa pachitseko dzanja lonse limachita nyesi.

"Mtsempha ndaudziwa," anatero. "Chatsala n'kudziwa chimene chikuuzunza. Vuto likhoza kukhala m'khosi, momwe mitsemphayi imatulukira. Ikhoza kukhala shuga. Likhoza kukhala khate. Mowa wambiri umachitanso zimenezi, ngakhalenso mankhwala ena a chifuwa chachikulu. Tiyeni tizichotse chimodzichimodzi."

Anamupendeketsa mutu uku ndi uko, n'kukanikiza pamwamba, kufunsa ngati moto uja ukutsika mumkono. Sunatsike. Anamubaya chala kuyeza shuga, anapeza ili bwino. Anamuvula bulauzi n'kumuyang'ana msana ndi mapewa, kufuna mawanga otuwa amene samva kukhudza. Panalibe. Anamupanitsa kapepala pakati pa zala n'kumuuza kuti akanize, koma atakoka kanangosolokamo. Kenako anagogoda ndi chala kuseri kwa chigongono, ndipo Felesita anadzidzimuka mpaka mpando unalira.

"Pamenepo. Tsopano tambasulani mikono yonse iwiri."

Wamanja unawongoka. Wamanzere unakana, unathera panjira, utakhotera kunja. Zaka zonse ndinakhala naye pafupi sindinazindikire, chifukwa nthawi zonse ankavala za manja aatali.

"Mkono uwu unathyokapo?"

"Ndinagwa," anatero Felesita. Anayankha msanga kwambiri, ngati mwana wonena mawu oloweza.

"Munapita kuchipatala?"

"Ayi."

Anatitumiza kukajambulitsa mafupa. Titabwerako, dokotala anakweza chithunzicho pawindo kuti kuwala kudutse, n'kutiitana tonse.

"Onani apa. Fupa ili linathyoka kalekale, n'kulumikizana mokhota. Zaka zonsezi mtsempha uja wakhala ukukhulika pamenepa ngati chingwe cha pachitsime pamwala. Kuthyola tiyi chigongono chili chopinda tsiku lonse kwawonjezera. Pamaliro munkagona bwanji?"

"Pansi, nditatsamira mkono womwewu."

"Ndiye unatheratu pamenepo."

Ine mtima unayamba kukhala pansi. Ndinafunsa kuti, "Ndiye si mizimu, adokotala?"

"Ine ndikukuuzani zimene ndikuziona, mayi."

Ankanena izi akutembenuza dzanja la Felesita kuti alipimenso. Atakwinya malaya pamfundo ya dzanja, anaweramira pafupi. Pakhungu panali zipsera zakuda zinayi zondondozana, ndi chimodzi chachikulu kunsi kwake, zimene sanazione pomuyeza poyamba.

"Izi si za mtsempha," anatero motsitsa mawu. "Mayi, kunyumba kuli amene amakugwirani?"

"Ndimakhala ndekha."

"Nanga izi wachita ndani?"

Felesita anayang'ana chithunzi chija pawindo. Anachiyang'ana nthawi yaitali, ngati munthu amene waona nkhope ya wakuba amene wakhala akumusowa.

"Yemwe anathyola fupalo."

"Mwati munagwa."

"Ndinagwa atandipotokola mkono."

"Ali kuti panopa? Tikhoza kukuthandizani kukanena."

"Tinaika kale, adokotala."

Dokotala anaika zala zake pa zipsera zija kuti ayerekeze. Zake zinali zazifupi, sizinafike. Anazichotsa msanga n'kuzipukuta pajasi lake, ngati wakhudza chinthu chozizira. Ndipo ine, poyang'ana pansi, ndinaona kuti simenti ya pambali pa mpando, kumanzere, inali yonyowa. Kunja kunali dzuwa tsiku limenelo.

A Mitawa anakhala pansi n'kupuma kaye. Kenako analankhula ngati dokotala.

"Za fupa ndi mtsempha ndikuthandizani. Pogona muzikulunga chigongono ndi thaulo kuti chisapinde. Mapiritsi awa achepetsa moto. Ndikutumizani kuchipatala chachikulu ku Blantyre, akang'ambe pamenepa n'kusunthira mtsemphawo pamalo pabwino. Musachedwe. Zala zapindikazi mwina sizibwerera zonse, koma titeteza zimene zatsala. Zinazo..."

"Zinazo nzanga," anatero Felesita. "Mungondipatsa chithunzicho."

Lamulungu lake anatumiza uthenga kutsidya kuti akuchimuna abwere, ali ndi yankho. Waisoni anafika ndi akuluakulu awiri aja, iye atameta ndevu, atavala jekete. Ankayesa mayi wagonja. Anthu a m'nyumba zoyandikana anadzaza pabwalo, ena atabisala kuseri kwa nkhokwe ngati akufuna nkhuku.

Felesita sanakhale pamkeka. Anaima, n'kukweza chithunzi cha mafupa kudzuwa.

"Alamu, munati achimwene anu ndi amene agwira mkono wanga. Simunaname. Kuchipatala aona zomwezo. Bwerani muone dzanja lawo. Ili apa, pafupa lokhotali."

Palibe anasuntha.

"Chaka chija cha njala, belu linalira ine ndili kuseri, ndinachedwa kutsegula chitseko. Anandipotokola mkono mpaka unalira ngati nkhuni. Inu alamu munalipo, munabwera nawo kuchokera kumowa. Ndinu munadula nsungwi n'kundimanga ndi luzi. Ndinu munati ndikapita kuchipatala apolisi afunsa, achimwene ntchito iwathera. Mawu akuti ndinagwa munandiphunzitsa ndinu. Lero mukuti mankhwala a mkono womwewu ndi thupi lanu?"

"Izi ndi nkhani za m'banja," anatero Waisoni, mawu atauma.

"Zinali za m'banja. Lero nzapabwalo."

Mmodzi wa akuluakulu aja ankangojambula pansi ndi ndodo. Winayo anayesa kulankhula.

"Zimenezo zinapita, mwana wanga. Komabe mwambo..."

"Mwambo ndichita, wangawanga. Mwati sanagone. Ndikupita ndikalankhule nawo."

Anapinda chitenje chake m'chiuno n'kuyamba kuyenda njira ya kumanda.

Mukudziwa nonse kuti kumanda sikulowa munthu adzukulu asanatsegule njira, makamaka mkazi, ndiponso yekha. Amayi ena anayamba kulira. Waisoni anamutsatira mpaka pamphambano n'kuima. Ine ndinapitirira mpaka pamtengo woyamba wa manda. Pamenepo ndinagwira tsinde n'kuima.

Nkhungu inali ikutsika kuchokera kuphiri. M'mitengo imeneyo nthawi zonse mumakhala phokoso la mbalame, koma tsiku limenelo munali chete, madzi okha akudontha m'masamba. Felesita anafika pamtumbira umene dothi lake linali likadali lofiira. Sanagwade. Sanawombe m'manja.

"Likoswe," anatero.

Chikwatiwire sindinamumvepo akutchula dzina la mwamuna wake lopanda ulemu.

"Likoswe, ndabwera. Ndikunena iwe."

Belu linalira. Osati kumtsetse. Pomwepo, pakati pa mitengo, pafupi moti ndinamva madzi akukhutchumuka mkati mwake.

Ndiye mkono wamanzere wa Felesita unadzuka. Sanaudzutse iye. Unatambasukira kutsogolo, phewa n'kutsatira, ndipo mapazi ake anayamba kutsetsereka pamasamba onyowa kulowera kumtumbira. Kutsogolo kwake nkhungu inali ndi malo amodzi akuda kuposa ena, aatali. Sindinganene kuti ndinaona nkhope. Ndinamva fungo la matope a m'damu, ndi la fodya wopichira.

Felesita anazika zidendene pansi. Mawu ake ankanjenjemera ndi ululu, koma sanatsike.

"Koka. Unathyola kale, uthyolanso chiyani? Ndaona mkati mwa mkonowu. Ntchito yako yonse ndaiona pawindo la kuchipatala, ndi kafupa kokhota basi. Zaka zonsezi ndinkayesa ndiwe chinthu chachikulu."

Mkono unagwedezeka mwamphamvu, iye n'kugwa ndi bondo limodzi. Anadzukanso.

"Ndinakuphikira. Ndinakuchapira. Ndinakubisira manyazi ako mpaka kukuika m'dothi. Zatha. Kumene uliko sindibwera. M'bale wako sandikhudza. Mkono uwu ndi wanga, ndikupita nawo ku Blantyre akaukonze, ndipo ndidzathyola nawo tiyi iwe ukuwola."

Mitengo yonse inadontha nthawi imodzi ngati wina waigwedeza, chikhalirecho kunalibe mphepo. Ndinaganiza kuti basi, ndimuonera pomwepa. Koma iye anachita chimene sindinkayembekeza. Anasiya kukana. Anaponda kutsogolo yekha, mpaka nkhope yake inalowa m'malo akuda aja, n'kukweza chibwano ngati akulankhula kukhutu kwa munthu wamtali. Ananong'ona. Sindinamve mawu ake.

Mkono unagwa n'kulendewera pambali pake.

Tinakhala choncho, iye uko ine kuno. Patapita kanthawi belu linalira kachiwiri, koma patali, chakumtsinje. Mbalame ina inayamba kuimba.

Felesita anabwera pamene ndinaima, thukuta lili kamukamu, milomo itatuwa. Anandiyang'ana.

"Tiyeni, achemwali. Ndamva njala."

Ku Blantyre anapita, ndipo anamung'amba. Chipsera chake mukhoza kuchiona akakwinya malaya, n'chachitali ngati chikhatho. Moto uja unazima pang'onopang'ono. Zipsera za pamfundo zinazilala n'kutha, galu anayambanso kumunyambita. Zala ziwirizo sizinawongoke, monga ananenera a Mitawa, koma sizinapitirirenso kupindika. Anaphunzira kuthyola ndi zitatu zotsalazo. Kapitawo anamuyang'anitsitsa nyengo yonse ya mvula, koma sanamuchotse ntchito. Amayi aja anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzapala moto, maso ali pansi. Iye ankangowapalira.

Kutsidya ndiye kunayamba kuchokera mbiri. Ati Waisoni sakugona. Ati mkazi wake wabwerera kwawo, watopa ndi kukolopa madzi pakhomo mmawa uliwonse. Ati njinga yopindika ija anaitaya kudambo, koma kutacha anaipeza itatsamira khoma. Ife tinkangomva.

Tsiku lina ndinamuperekezanso Felesita kuchipatala cha boma kuti akamuone bala. Pabenchi la panja tinapeza munthu wowonda, jekete likumukhuthukira, atafungatira mkono wamanzere pachifuwa. Ndinachita kuyang'ana kawiri kuti ndizindikire kuti ndi Waisoni. Pamiyendo pake panali chithunzi cha mafupa.

Anatiuza yekha, osafunsidwa. Dokotala anamuyeza zonse, kathonje, khosi, shuga, khungu, kugogoda chigongono. Mafupa anali owongoka, mitsempha yonse inali bwino. Anamutumiza ku Blantyre, nakonso sanapeze kanthu. Koma akangotseka maso, anatero, dzanja limabwera kudzamugwira.

Anthu ena pabenchipo anali atasunthira kumapeto, chifukwa pansi pamene iye anakhala panali ponyowa.

Waisoni anatsika pabenchi n'kugwada pasimenti, anthu onse akuona.

"Alamu," anatero, "ndapota nanu. Tsiku lija kumanda, munawauza chiyani achimwene?"

Felesita anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumaondo. Sanakwiye, sanasekenso.

"Palibe chachikulu, alamu. Munkati sakugona, ndiye ndinaona kuti akusowa wa kubanja wowasamalira. Ndinangowakumbutsa njira ya kwanu."

Namwino anaitana dzina la Felesita. Analambalala madzi aja n'kulowa.